Dotolo Pakati pa Adani: Mbiri ya Cithandizo ca Odwala ndi Obvulala pa Nkhondo

Anthu awiri akagwirana ndeu, woleretsa amalowa pakati pao wopanda cibonga m'manja, ndipo cimene cimamchinjiriza ndico cakuti onse awiri adziwa kuti sanadzere mmodzi wa iwo. Tsiku limene wina aganiza kuti woleretsa uja wakondera, nkhonya imagwera iyeyo. Comweconso ndi madotolo ndi anamwino amene amacoka kwao kunka ku maiko a eni kukathandiza obvulala pa nkhondo, ogwidwa ndi miliri ndi osautsidwa ndi njala. Iwo alibe mfuti, kotero polowa m'dziko la nkhondo ayenera kupempha njira kwa eni mfuti, ndipo eni mfuti sapatsa njira kwaulere. Mtengo umene amafuna kawirikawiri ndi wakuti dotolo acize zironda koma asachule amene wazicititsa. M'nkhani ino tidzalondola mbiri ya nchito imeneyi kuyambira caka ca 1859, ndipo tidzaona kuti funso limene lasautsa eni nchitoyi koposa ena onse ndi ili: kodi dotolo amene waona zoipa akhale cete kuti apitirize kuciza, kapena anene poyera ngakhale adziwa kuti adzampitikitsa?

Nkhondo ya ku Solferino

Pa 24 June, 1859, kumpoto kwa dziko la Italy, pafupi ndi mudzi wa Solferino, panacitika nkhondo yoopsa. Mbali imodzi kunali ankhondo a France otsogozedwa ndi Napoleon III, pamodzi ndi a Sardinia a mfumu Victor Emmanuel II, ndipo mbali inayo kunali ankhondo a Austria ndi mfumu yao Franz Joseph. Onse pamodzi anali asilikari ngati 300,000, ndipo anamenyana kuyambira mbandakuca kufikira madzulo, dzuwa liri kuswa mtengo. Pamene mfuti zinaleka kulira, anthu pafupifupi 40,000 anali ngundangunda m'minda ndi m'mbali mwa miseu, ena atafa, ena atabvulala.

Masiku amenewo akuluakulu a nkhondo anali kusamala za onga, za mfuti ndi za akavalo, koma za munthu amene sangathenso kumenya nkhondo anali kuganiza pang'ono cabe. M'gulu la France munali madotolo a ziweto 4 pa akavalo 1,000 ali onse, koma dotolo wa anthu mmodzi yekha pa asilikari 1,000. Ndiponso dotolo wa nkhondo anali kuyesedwa mdani monga msilikari wina ali yense. Adani akamgwira anali kumuika m'ndende, ndipo cifukwa ca ici gulu logonja likamathawa, madotolo ace anali kuthawa nalo, kusiya odwala ao pambuyo.

Madzulo a tsiku lomwelo, m'tauni ya Castiglione, pafupi ndi malo a nkhondowo, munafika mlendo wa zaka 31, dzina lace Henry Dunant. Iyeyu sanali dotolo kapena msilikari iai, koma munthu wa malonda wa ku Geneva m'dziko la Switzerland. Anali ndi zigayo za tirigu ku Algeria, dziko limene pa nthawiyo linali m'manja mwa France, ndipo anali kulondola Napoleon III kuti akampemphe cilolezo ca malo ndi madzi oyendetsera zigayo zacezo. M'malo mwa mfumu anapeza obvulala, amene m'masiku otsatira anawatutira m'tauni yaing'onoyo kufikira anaposa 9,000. Anadzaza m'nyumba za anthu, m'mabwalo ndi m'miseu. M'nyumba yaikulu ya mapemphero yochedwa Chiesa Maggiore munali anthu ngati 500 ogona pa udzu. Zironda zinayamba kununkha, nchenche zinaunjikana, ndipo ambiri amene akadacira anafa ndi ludzu ndi kuola kwa zironda.

Dunant anaiwala za zigayo. Anasonkhanitsa akazi ndi atsikana a m'tauniyo kuti atunge madzi, atsuke zironda ndi kuzimanga; anatuma woyendetsa ngolo yace ku Brescia kukagula nsalu, mandimu, shuga ndi fodya; ndipo anakhala pambali pa amene anali kutsirizika, nalemba mau ao otsiriza kuti awatumize kwa makolo ao. Akazi aja anali ndi cifukwa cokwanira codana ndi asilikari a Austria, popeza anali acilendo olamulira dziko lao. Koma ataona kuti mlendoyo ali kumwetsa madzi wa France ndi wa Austria mosasankha, anayamba kucita comweco, namauzana kuti onsewa ndi abale. Pamenepa ndi pamene panaphuka lamulo loyamba la nchito yonseyi, lakuti wobvulala salinso mdani, ndipo womthandiza afunse za cironda cace osati za mbendera yace.

Buku ndi Pangano

Atabwerera ku Geneva, Dunant sanapeze mtendere mumtima. M'caka ca 1862 anasindikiza ndi ndalama zace buku lochedwa Un Souvenir de Solférino, ndiko kunena Cikumbutso ca Solferino, nalitumiza kwa mafumu, nduna ndi akazembe a nkhondo a ku Ulaya. M'bukumo anafotokoza zimene anaona osabisa kanthu, ndipo kumapeto kwace anapempha zinthu ziwiri. Coyamba, kuti m'dziko liri lonse mukhale bungwe la anthu odzipereka, ophunzitsidwa pa nthawi ya mtendere, okonzeka kuthandiza obvulala nkhondo ikabuka. Caciwiri, kuti maboma alembe pangano lochinjiriza obvulala ndi owasamala. Tizindikire pano kuti nchito imeneyi inayamba ndi munthu amene anakana kukhala cete. Akadangotsuka zironda ndi kubwerera ku malonda ace, m'dziko simukadasintha kanthu.

Pa 17 February, 1863, amuna asanu a ku Geneva anakhala pansi kukambirana za bukulo: Dunant mwini wace, Gustave Moynier wodziwa malamulo, kazembe wa nkhondo Guillaume-Henri Dufour, ndi madotolo awiri, Louis Appia ndi Théodore Maunoir. Kabungwe kameneka ndiko kamene pambuyo pace kanasanduka Komiti ya Maiko Onse ya Mtanda Wofiira, imene m'nkhani ino tidzaichula Komiti ya ku Geneva. Boma la Switzerland linaitana msonkhano, ndipo pa 22 August, 1864, maiko 12 analemba maina ao pa Pangano loyamba la ku Geneva. Linali lalifupi, la mfundo 10 zokha. Linati zipatala za asilikari ndi ngolo zonyamula odwala zisaomberedwe. Madotolo, owathandiza ndi abusa a asilikari asagwidwe ukaidi. Anthu wamba osamala obvulala asalangidwe. Ndipo wobvulala atoledwe ndi kusamalidwa kaya ndi wa mtundu uti. Cizindikiro cimene anasankha ndico mtanda wofiira pa nsalu yoyera, monga mbendera ya Switzerland itasinthanitsidwa mitundu. M'caka ca 1876 dziko la Turkey linayamba kugwiritsa nchito mwezi wofiira m'malo mwa mtanda, ndipo maiko anabvomereza cizindikiro cimeneci m'caka ca 1929.

Nanga mafumu okonda nkhondo anabvomeranji? Sikuti mitima yao inafewa tsiku limodzi. Akale anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Kazembe ali yense anadziwa kuti mawa obvulala otsala m'manja mwa adani adzakhala ace, ndi kutinso msilikari wocira amabwerera ku nkhondo. Florence Nightingale, amene anasamala asilikari a Britain pa nkhondo ya ku Crimea kuyambira 1854 kufikira 1856, anaona msampha pamenepa. Iye sanakondwere ndi ganizo la mabungwe odzipereka, pakuti anati kusamala obvulala ndi udindo wa boma limene lawatuma ku nkhondo, ndipo anthu acifundo akasenza katundu ameneyu, boma lidzapepukidwa, nkhondo nikhala yosabvuta kuiyamba. Mau amenewa tidzakomana naonso patsogolo.

Dunant mwini sanadye zipatso za nchito yace msanga. Malonda ace anagwa m'caka ca 1867, nacoka ku Geneva ndi ngongole, nakhala mu umphawi zaka zambiri kufikira mtola nkhani wina anampeza m'cipatala ca ku Heiden m'caka ca 1895. M'caka ca 1901 analandira mphotho yoyamba ya mtendere ya Nobel pamodzi ndi Frédéric Passy, ndipo anamwalira m'caka ca 1910.

Mtengo wa Njira

Nchito inakula. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918 Komiti inasunga ku Geneva makadi mamiliyoni a maina a asilikari ogwidwa, kuti mabanja ao adziwe kumene ali, ndipo nthumwi zace zinayendera ndende zao. M'caka ca 1919 mabungwe a maiko osiyanasiyana anapanga cigwirizano kuti cithandizo cisathere pa nkhondo pokha koma cifikenso pa miliri, zibvomezi ndi kusefukira kwa madzi; nchito yao yaikulu yoyamba inali kulimbana ndi mliri wa typhus, nthenda yofala ndi nsabwe, ku Poland. Bungwe la Mtanda Wofiira la Malawi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo m'caka ca 1966, ndi limodzi la mabungwe otere.

Koma kuti nthumwi ilowe m'ndende ya boma la eni, iyenera kukhulupirika kwa boma limenelo. Cotero Komiti inagwira mwambo uwu: zoipa zimene nthumwi yaona imaziuza boma losunga andendewo mseri, osati nyuzipepa. Mwambo umenewu suli wopusa ai. Boma lodziwa kuti licititsidwa manyazi limatseka citseko, wandende natsala yekha; ndipo anthu osawerengeka apulumuka cifukwa cakuti nthumwi inalemba maina ao m'buku, pakuti munthu wolembedwa dzina ndi wobvuta kumupha mobisa. Komabe mwambo womwewu unafika pa mayeso owawa kawiri.

Kuyesedwa koyamba kunali ku Ethiopia, pamene Italy ya Mussolini inathira nkhondo dzikolo m'caka ca 1935. Ndege za Italy zinaponya mabomba pa zipatala za m'mahema zokhala ndi mtanda wofiira, monga ca anthu a ku Sweden pa 30 December, 1935, ndi ca anthu a ku Britain pafupi ndi Korem mu March, 1936. Zinawazanso mpweya wa ciphe wotentha khungu ndi maso. Dotolo Marcel Junod, nthumwi ya Komiti, anaona ndi maso ace anthu opsa ndi mpweyawo, nalembera ku Geneva. Koma pamene League of Nations, bungwe la maiko la masiku amenewo, inapempha umboni, Komiti inakana kuupereka, poti kutero kukadakhala kulowerera mkangano.

Kuyesedwa kwaciwiri kunali kwakukulu koposa. Pofika caka ca 1942 akuluakulu a Komiti anali atamva kuti boma la Hitler liri kututa Ayuda ndi kuwapha. Pa 14 October caka comweco anakhala pansi kuganizira zolengeza ku dziko lonse nkhanza zocitira anthu wamba, ndipo anapangana kuti asalengeze. Anaopa kuti Germany idzawatsekera ndende za asilikari ogwidwa, kumene anali kutumiza zakudya ndi makalata, ndiponso boma la Switzerland silinafune kuputa mnansi woopsa cotero. Mu June, 1944, nthumwi ya Komiti inaloledwa kuona msasa wa Ayuda ku Theresienstadt, umene eni ace anaukonzeratu kuti uoneke ngati mudzi wa mtendere, ndipo nthumwiyo inalemba lipoti lokoma. Ayuda ngati 6,000,000 anaphedwa. M'zaka za m'ma 1990 atsogoleri a Komiti anabvomera poyera kuti pa nkhani imeneyi bungwe lao linalephera.

Nkhondo itatha, pa 12 August, 1949, maiko analemba Mapangano anai a ku Geneva. Lacinai ndilo lochinjiriza anthu wamba, ndipo mfundo yacitatu ya onse anai inafikitsa malamulo ena pa nkhondo za paciweniweni. M'caka ca 1965 ku Vienna analengeza maziko 7 a nchito ya Mtanda Wofiira. Awiri mwa iwo ayenera kusiyanitsidwa bwino, popeza ambiri amawasokoneza. Kusakondera ndiko kuthandiza munthu monga mwa kukula kwa bvuto lace, osayang'ana mtundu, cipembedzo kapena cipani. Kusalowerera ndiko kusanena kuti pa mkangano wolakwa ndani. Za kusakondera madotolo onse abvomerezana; mkangano wao uli pa kusalowerera, ndipo unaphulika ku Nigeria.

Njala ya ku Biafra

Pa 30 May, 1967, cigawo ca kum'mawa ca Nigeria, kwao kwa anthu a mtundu wa Igbo, cinadzipatula nicidzicha dziko la Biafra, motsogozedwa ndi Odumegwu Ojukwu. Caka capitaco anthu a mtunduwu zikwizikwi anali ataphedwa kumpoto kwa dzikolo. Boma la Yakubu Gowon linakana kugawika kwa dziko, ndipo nkhondo inayamba mu July. Mu May, 1968, doko la Port Harcourt linagwa, Biafra nitsekeredwa mbali zonse. Anthu a kumeneko anazolowera kupeza ndiwo za nsomba zouma zocokera ku Norway ndi nyama ya ng'ombe zocokera kumpoto. Izi zitaleka kufika anatsala ndi cinangwa ndi zilazi. Ana anatupa mimba ndi miyendo, tsitsi lao nilifiira. Iyi ndi nthenda ya kutupikana, imene madotolo amaicha kwashiorkor, mau a cinenero ca Ga ca ku Ghana, kumene dotolo Cicely Williams anaifotokoza m'zaka za m'ma 1930. Pakati pa caka ca 1968 zithunzi za ana amenewa zinafika m'nyuzipepa ndi pa kanema ku Ulaya ndi ku America, ndipo anthu anasonkha ndalama zambiri.

Koma cakudya cikalowa bwanji? Boma la Nigeria linati cidzere pa mseu, kapena pa ndege zouluka usana zitafufuzidwa. Ojukwu anakana, nati adani adzathira ciphe m'cakudyaco ndipo asilikari adzalowera pa mseu womwewo. Potero panatsala njira imodzi, ndiyo bwalo la ndege la ku Uli, limene linali mseu wamba wokuzidwa, kumene ndege zinali kutera usiku, nyali zitayatsidwa kanthawi kocepa cabe. Mipingo inapanga gulu lochedwa Joint Church Aid, limene linaulutsa ndege maulendo oposa 5,000 kucokera pa cisumbu ca São Tomé osapempha cilolezo ku Lagos. Komiti ya ku Geneva nayo inaulutsa zace kucokera ku Fernando Po ndi ku Cotonou. Koma usiku womwewo, pa bwalo lomwelo, panali kuteranso ndege zonyamula zida, ndipo atsogoleri a Biafra anadziwa bwino kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Pa 5 June, 1969, ndege ya nkhondo ya Nigeria inagwetsa ndege ya Mtanda Wofiira, onse anali m'katimo nafa. Komiti, posafuna kucita kanthu kopanda cilolezo ca boma, inaleka maulendo ace, mipingo inapitiriza.

Pakati pa madotolo amene bungwe la Mtanda Wofiira la France linatumiza ku Biafra m'caka ca 1968 panali Max Récamier ndi Bernard Kouchner, amene anagwira nchito pa cipatala ca Awo-Omamma. Asananyamuke analemba maina ao pa lonjezo lakuti sadzaulula zimene adzaona. Koma ataona ana akufa ndi njala ndi anthu wamba akuphedwa ndi mabomba, anakhulupirira kuti mtundu wonse uli kupululidwa, ndipo anakumbukira kukhala cete kwa caka ca 1942. Kwa Kouchner imeneyi sinali mbiri ya m'buku, pakuti agogo ace anafera ku Auschwitz. Atabwerera ku Paris analankhula m'nyuzipepa, nayambitsa kabungwe koneneza boma la Nigeria kuti liri kupha mtundu.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati kupambana kwa olimba mtima pa amantha, koma wophunzira mbiri ayenera kumva mbali inayo. Atsogoleri a Biafra analemba ganyu kampani ya ku Geneva yochedwa Markpress kuti ifalitse nkhani zao, ndipo boma la France, limene linali kuthandiza Biafra ndi zida mobisa, linakondwera kuti mau akuti kupha mtundu amveke ponseponse. Anthu a maiko ena amene Nigeria inawaitana kudzaona nkhondoyo m'caka ca 1968 anati sanapeze umboni wa ciwembu cotha mtundu. Ndipo Biafra itagonja mu January, 1970, kupulula kumene anthu anaopa sikunacitike. Gowon analengeza kuti panalibe wopambana kapena wogonja. Njala inali yoona, ndipo ambiri amawerenga kuti anafa anthu ngati 1,000,000 kapena kuposa. Ndege za usiku zinapulumutsa ana osawerengeka. Komabe olemba mbiri ambiri aweruza kuti cakudya ndi ndalama za mabungwe acifundo zinathandizanso atsogoleri a Biafra kupitiriza nkhondo imene anali atagonja kale. Apa mau a Florence Nightingale anaoneka kulemera kwace, ndipo panaonekanso kuti wonena poyera akhoza kusanduka ng'oma ya mbali imodzi iye osadziwa.

Madotolo Opanda Malire

Pa 22 December, 1971, ku Paris, madotolo ena a ku Biafra pamodzi ndi atola nkhani a nyuzipepa ya zacipatala yochedwa Tonus, anthu 13 onse pamodzi, anayambitsa bungwe la Médecins Sans Frontières, ndiko kunena Madotolo Opanda Malire. Codabwitsa ndi cakuti malamulo ao oyamba nao analetsa mamembala kuweruza poyera maboma a maiko kumene agwira nchito. Mwambo wa kucitira umboni unakula pang'onopang'ono, mwa kukangana kwa eni ace.

Unakhwima ku Ethiopia pa njala ya 1984. Madotolo a bungwe limeneli anali ku Korem pamene boma la Mengistu Haile Mariam linayamba kusamutsa anthu ngati 600,000 kuwacotsa kumpoto kunka kumwera, ambiri mokakamiza, ndipo nthawi zina malo ogawira cakudya ndiwo anali msampha wogwirira anthuwo. Zikwi zambiri anafera m'njira ndi m'malo atsopanowo. Mtsogoleri wa bungwe ku France, Rony Brauman, ananena zimenezi poyera, ndipo mu December, 1985, boma linawapitikitsa. Mabungwe ena anakhala cete napitiriza kudyetsa anjala. Kusamutsa kuja kunaimitsidwa kuciyambi kwa 1986, koma odwala a madotolo opitikitsidwawo anatsala m'manja mwa ena.

Kuno kwathu madotolo amenewa anafika m'caka ca 1986, pamene othawa nkhondo ya ku Mozambique anayamba kudzaza m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza ndi Dedza, kufikira anaposa 1,000,000. Analimbana ndi kolera m'misasa kangapo. M'caka ca 1990 anawerenga anthu oposa 18,000 odwala pellagra, nthenda imene imadetsa ndi kung'amba khungu la pakhosi ndi pamanja, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Gwero lace linali cakudya ca cithandizo comwe: mtedza unasowa kwa miyezi, anthu natsala ndi cimanga cosakwanira kupatsa thupi vitamini wochedwa niacin. Ziwerengero zitaululidwa, mtedza unabweranso ndipo anayamba kuthira mavitamini mu ufa. Pamenepa kunena kunaciza, cifukwa wouzidwa sanali mwini mfuti.

Ku Rwanda m'caka ca 1994, kumene anthu ngati 800,000, ambiri a mtundu wa Tutsi, anaphedwa m'masiku 100, njira ziwirizi zinakomana. Mu mzinda wa Kigali Madotolo Opanda Malire anagwira nchito m'cipatala ca Komiti ya ku Geneva atabvala mtanda wofiira, pakuti ndico cizindikiro cimene akupha anali kucilemekezako pang'ono. Mtsogoleri wa Komiti kumeneko, Philippe Gaillard, anakhalabe mumzindamo namakambirana ndi akupha pa zochinga za m'miseu kuti odwala adutse, koma iye yemweyo anauzanso atola nkhani kuculuka kwa akufa. Mu June bungwe la ku Paris linapempha maiko kuti atumize asilikari, poti madotolo sangathe kuletsa kupha mtundu. Mu July anthu mazana a zikwi anathawira ku Goma m'dziko limene linali kuchedwa Zaire, ndipo kolera ndi kamwazi zinapha ngati 50,000 m'mwezi woyamba. Koma m'misasamo olamulira anali omwe aja anatsogolera kupha, ndipo cakudya ca cithandizo cinali kudzera m'manja mwao. Nthambi ya ku France inacoka kumapeto kwa 1994, poti sifuna kunenepetsa akupha. Nthambi za ku Belgium ndi ku Holland zinakhalabe kufikira 1995, poti akazi ndi ana alibe mlandu. Anthu a bungwe limodzi, oona zinthu zomwezo, anaweruza mosiyana. M'caka ca 1999 bungwe limeneli linalandira mphotho ya mtendere ya Nobel.

Zimene Tiphunzirapo

Mbiri imeneyi siticititsa kunena kuti okhala cete ndiwo olakwa nthawi zonse, kapena kuti onena ndiwo olungama nthawi zonse. Kukhala cete kunatsegula ndende zambiri, koma m'caka ca 1942 kunakhala manyazi. Kunena kunaimitsa zoipa zina, koma ku Biafra kunatumikiranso eni nkhondo. Cimene sicisintha ndi ici, kuti pa njira ziwiri zonsezi wolipira mtengo ndi wodwala. Dotolo wopitikitsidwa amakwera ndege kubwerera kwao, wodwala wace natsala. Dotolo wokhala cete amasunga cipatala cace, koma amene ali kuphedwa kuseri kwa mpanda alibe owanenera. Cifukwa cace funso loyenera pa nthawi iri yonse ndi lakuti mau kapena kukhala cete kudzamcitira ciani munthu wogona pa mphasayo, osati kudzaliyeretsa bwanji dzina la bungwe.

Ndiponso tisaiwale kuti cizindikiro sicibweza cipolopolo. Pa 3 October, 2015, ndege ya nkhondo ya America inaombera cipatala ca Madotolo Opanda Malire ku Kunduz m'dziko la Afghanistan, nipha anthu 42, odwala ndi owasamala. Mphamvu ya mtanda wofiira, ndi ya mbendera iri yonse ya cipatala, iri m'mitima ya anthu amene anaphunzitsidwa kuilemekeza.

Inu amene mudzaima patsogolo pa ana, tsiku lina adzakufunsani tanthauzo la mtanda wofiira umene auona pa galimoto kapena pa bokosi la mankhwala. Musawauze kuti ndi cizindikiro ca cipatala cabe. Auzeni kuti ndi lonjezo limene maiko analonjezana m'caka ca 1864, lakuti munthu wagwa asapondedwe ndipo womdzutsa asalasidwe. Auzeni za akazi a ku Castiglione amene anamwetsa madzi adani a dziko lao. Ndipo a m'makalasi apamwamba muwaikire mlandu wa ku Goma kuti aukambe okha, ena aimire amene anacoka, ena aimire amene anakhala, ndipo inu musafulumire kuwagamulira.